Nyenyezi Yokhala ndi Makwerero

"Dzuwa limalowa, mwezi umafa, koma nyenyezi yanga ine sidzaphethira mpaka kalekale!"

Amene ankanena izi anali Olemekezeka Dokotala Abisalomu Kadzikweza, Nduna ya Nyenyezi, Maukwati ndi Zina Zotero mu ufumu wa Ombanim'manja. Anali ataima pakati pa bwalo la nduna mumzinda wa Mawamawa, mimba patsogolo, chala chili pawindo. Kunja kunali kachisisira, ndipo pamwamba pa phiri la Musandiloze kanthu kena kanali psuu.

"Ndikulumbira pamaso pa Mfumu ndi pamaso pa wailesi," anapitiriza motero. "Tsiku limene Nyenyezi ya Mfumu idzaphethire, ngakhale kamodzi kokha ngati diso la nkhuku, ine ndidzavula nsapato zangazi, ndidzazisenza pamutu, n'kutuluka mumzinda muno chapansi ngati wopita kudimba. Ndipo maukwati onse amene ndinamanga adzamasuke tsiku lomwelo, aliyense adzalowere kumene mtima wake ukufuna."

Nduna zonse zinaomba m'manja, poti m'dziko limenelo ntchito yeniyeni ya nduna inali imeneyo. Zinazo anali maganyu. Phokosolo linadzidzimutsa Mfumu Gonanibwino Wachiwiri, imene inatsinzina pa pemphero lotsegulira ndipo panalibe amene anaiuza kuti ameni ananenedwa kale.

"Akuti bwanji?" inafunsa Mfumu.

Anaibwerezera mawu onse.

"Zokoma. Likhale lamulo," inatero, n'kubwerera kupemphero.

Tsono tisanamizane. Kumene nyenyezi imeneyo inachokera munthu aliyense mu Ombanim'manja ankakudziwa, kupatula mwini wake. Anthu anaona ndi maso awo amisiri akukweza zitsulo kuphiri, akumanga nsanja ya mafoni, n'kupachika babu lofiira pansonga pake kuti ndege zisamaiombe. Zoti ndege imodzi yokhayo ya ufumuwo inaphwa matayala kalekale ndipo nkhuku zinkaikiramo mazira, imeneyo ndi nkhani ina. Zonsezi zinachitika a Kadzikweza ali kunja kwa dziko, kumsonkhano wokambirana tsiku la msonkhano wina. Pobwerako anakhalira magalasi awo m'galimoto, n'kuphwanyika. Madzulo ake ataima pakhonde anaona kufiira kuphiri, ndipo anathamangira kunyumba yachifumu ali wefuwefu kukanena kuti kumwamba kwabadwa nyenyezi yolemekeza Mfumu. Sabata isanathe nsalu zinali zitasindikizidwa, kwaya ya apolisi itapeka nyimbo, ndipo lamulo litatuluka: aliyense wotchula nyenyeziyo kuti babu, nyali kapena getsi, akagone kundende ya Khalanikaye. Magalasi ena a Kadzikweza sanagule, ankati amawakalambitsa. Nanga akanawauza ndani?

Ndiye anthu ankangoiyamikira.

"Dziko lathu n'lodala," ankatero a Nasibeko, ogulitsa tomato mumsika wa Tsitsaniko. "Anzathu nyenyezi zawo amangoziona patali. Yathuyi ili ndi makwerero, mpanda, ndi mlonda yemwe."

Ndipo kunena zoona, sinkazima. Kwina konse magetsi ankabwera ngati mlendo wosokera: kugogoda, kusuzumira, n'kupepesa kuti walakwitsa nyumba. Koma nthambo yopita kuphiri sinkakhudzidwa, chifukwa patsinde pa phirilo pankakhala mayi wina wa saluni, kumene Nduna ya Magetsi, a Chizimezime, inkapita madzulo aliwonse kukayendera chitukuko.

Pafupi ndi benchi la a Nasibeko pankayala Enifa, wogulitsa kaunjika, mtsikana wa lilime lakuthwa amene ankatha kukugulitsa jekete lachisanu mu Okutobala, iwe n'kuthokoza. Koma za nyenyezi Enifa sankachita nazo nthabwala. Anabadwa mbandakucha, Nthanda itangotuluka, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti n'chifukwa chake amadzuka anzake ali mtulo, ndiponso salola munthu wina kumaliza mkangano. Amuna angapo a ntchito zabwino anawakana atangoona kuti sadziwa ngakhale kumene Mlalang'amba umadutsa.

Anthu a mtima woterewu mumzindamo analimo ndithu, ndipo anali ndi gulu lawo, la Oyang'ana Kumwamba. Loweruka lililonse dzuwa likamalowa ankakumana kuseri kwa msika, mbeta ndi mabatchala, makosi ali m'mwamba. Kumeneko kuyamba ndi kufunsa dzina kunali kusaleredwa bwino. Ndi komwe Enifa anapondedwa phazi ndi Lufeyo, telala wapakhonde, munthu wofatsa amene ankayenda ndi tepi pakhosi ngakhale kumaliro.

"Pepani chemwali. Ndimafunafuna Nsangwe."

"Mwazipeza pachala changa?"

"Ayi, koma... Munabadwa mwezi uli bwanji?"

"Uli chagada ngati mbale yopemphera ndiwo, Nthanda ili pamwamba pa mtengo wa mango. Inu?"

"Nsangwe zili paliwombo penipeni."

Enifa anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Munthu wa Nsangwe, monga adziwira aliyense wozitsata, ndi wosunga tinthu ting'onoting'ono pamodzi, wosapsa mtima, wotola batani lililonse logwa pansi. Mkazi wa Nthanda amayatsa moto, mwamuna wa Nsangwe amasunga makala. Madzulo omwewo anakangana za nyenyezi zitatu zija za Akamwini Atsatana. Lufeyo ankati akupita kukalima kwa apongozi, Enifa ankati akuthawako. Mkanganowo unakoma moti anaubwereza Loweruka linalo, ndi linzake, mpaka Lufeyo anati ndi bwino akaumalizire m'nyumba imodzi.

Koma apa n'kuti boma litalowererapo kale. Poyamba linkaliopa gululo, poti anthu ankasonkhana popanda womuombera m'manja. Kenako linazindikira kuti munthu woyang'ana kumwamba saona maenje amumsewu, ndiye linalikonda gululo mpaka kulilanda. Amalume onse m'dziko anapumitsidwa pa unkhoswe, ndipo kunalengezedwa kuti palibenso kufunsira, kuvomera kapena kutsinzinirana popanda chilolezo cha a Kadzikweza. M'mawa uliwonse wailesi inkaulutsa zimene nyenyezi zanena: obadwa m'dzinja, lero mupirire, obadwa m'chilimwe, mupirirebe, obadwa m'banja la nduna, lero mupeza mwayi wosayembekezeka.

Motero tsiku lina Enifa ndi Lufeyo anavala zakutchalitchi n'kupita ku Unduna. Anapeza Nduna ili pampando wozungulira, pambali pake pali chida chake choonera kumwamba, chimene chinali paipi yamadzi yopaka utoto wagolide, yopanda galasi ngakhale limodzi. Lufeyo ananjuta n'kufotokoza chimene anabwerera. A Kadzikweza sanamumve. Maso awo ankalephera zakutali, koma zapafupi ankaona bwino kwabasi, ndipo Enifa anali pafupi.

"Wati Nthanda, mwana iwe?"

"Inde, Olemekezeka."

"Ndipo uyu Nsangwe?" Anaika diso papaipi n'kuilozetsa kudenga, kumene kunali buluzi. Anapukusa mutu. "Tsoka! Nthanda ndi Nsangwe ndi mphaka ndi khoswe. Mukakwatirana, ana anu adzakhala ofunsa mafunso."

"Koma Bwana," anatero Lufeyo, "akuluakulu onse amati..."

"Akuluakulu ndine. Mkazi wa Nthanda amayenerana ndi mwamuna wobadwa pansi pa Nyenyezi ya Mfumu basi. Ndipo mwatsoka, m'dziko lonse lino wotero alipo mmodzi yekha." Anadzigwira pachifuwa ngati munthu amene wagweredwa udindo. "Ndilibe kuchitira mwina. Ndidzipereka."

Enifa anafunsa mwaulemu: "Olemekezeka, mundikhululukire kupusa. Nyenyeziyo yaoneka dzanadzanali. Inu munabadwa pansi pake bwanji?"

"Inali m'njira."

"Nanga amayi atatu muli nawo kale aja?"

"Amenewo ndi a nyenyezi zakale. Boma limasintha ndondomeko." Anatembenukira kwa Lufeyo. "Iwe wati ndiwe telala? Nyenyezi sizinakutaye. Usoka suti yanga yaukwati. Bwera undiyeze."

Ndipo Enifa anaona bwenzi lake likuzungulira mimba ya Nduna ndi tepi, tepi n'kuperewera, misozi ili lengelenge.

Madzulo omwewo wailesi inalengeza: ukwati udzachitikira pa Bwalo la Zamasewero la Tinayesetsa, mwezi ukadzakhala, dzuwa litangolowa, kuti Nyenyezi ya Mfumu idzakhale mboni. Inakumbutsanso omvera kuti kukana chisankho cha nyenyezi ndi mlandu woukira boma.

Mawa lake Lufeyo anafika pakaunjika maso ali psuu.

"Enifa, ine ndikukaima pakati pa msika ndikakuwe. Ndikanena poyera kuti chija ndi ba..."

Enifa anamutseka pakamwa ndi kabudula wamwana. "Inu a Lufeyo, mukakagona ku Khalanikaye, ine ndikwatiwa ndi ndani? Makina anu?"

"Ndiye tithawe."

"Pa chiyani? Pa ndege ya nkhuku ija?"

Lufeyo anadzigwetsa pabelo la zovala. "Dzulo ndinayang'ana kumwamba. Nsangwe zinali mbuu, ngati zikulira."

"Ndi utsi wa mbaula umenewo. Magetsi kunalibe."

Ankayankhula molimba, koma mumtima munali chimwala. Ankadziona atakhala mkazi wachinayi, akuomba m'manja pa chakudya cham'mawa, akuyang'ana babu moyo wake wonse n'kumalitcha nyenyezi, iye amene ankazidziwa zenizeni ndi mayina omwe.

Nthawi yomweyo kunamveka mfuu kwa ometa. Magetsi anali atathawa, ndipo bambo wina anatuluka mutu utametedwa mbali imodzi, akutukwana motsitsa mawu monga mwa lamulo.

"Apita kuti lero?" anafunsa wina.

"Mlamu wa nduna ina akusita," anayankha a Nasibeko, akuunjika tomato. "Magetsi a dziko lino ndi bulangete lamwana, amwali. Ukafunda kumutu, mapazi ali pamtetete. Koma pali phazi limodzi limene silinazizidwepo." Anakweza chibwano chakuphiri, poti phiri la Musandiloze salilozadi ndi chala, akuti chalacho chimauma chili chiimire.

Enifa anasiya kupinda malaya. Za mabulangete aafupi ankazidziwa bwino. Anali atagulitsa ambiri, kwa anthu aatali. Bulangete lalifupi sukangana nalo. Umangopeza munthu wamphamvu woti alikoke.

"A Lufeyo, nsalu ya suti ija itsalako?"

"Pang'ono. Mimba ija yadya yambiri."

"Yotsalayo musataye. Mundisokere nkhata."

"Nkhata? Mukasenza chiyani pa ukwati?"

"Munthu wa Nsangwe safunsa. Amasoka."

Lolemba Enifa anapita ku Unduna atadzola mafuta onunkhira, n'kukhala mwaulemu, maso ali pansi.

"Olemekezeka, ndili ndi nkhawa imodzi. Mkazi wa Nthanda amaopa mdima, ndipo ukwati wathu ndi wamadzulo. Nanga magetsi akadzathawa anthu asanaone suti yanu?"

"Magetsi sangathawe pa ukwati wanga."

"Inenso ndinawauza choncho amumsika. Koma iwo akuti..." Anadziluma chala. "Ayi, ndisanene."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mwamuna weniweni m'dziko muno ndi a Chizimezime. Akuti inu mumalamula zakumwamba zosamva n'komwe, iwo amalamula swichi."

A Kadzikweza anafufuma ngati finye. Tsiku lomwelo anaitanitsa bwalo la nduna, n'kukhazika Enifa kumbuyo kwawo kuti adzionere yekha mwamuna weniweni.

"Pa ukwati wanga," anabangula, "ndikufuna Tinayesetsa awale ngati masana. Nyali zikuluzikulu zonse, mafiriji, zokuzira mawu, ndi tinyali pamtengo uliwonse."

A Chizimezime, munthu wowonda wa mawu apansipansi, anaimirira. "Zitheka, akulu anzanga. Kungoti magetsi athu ndi ochepa. Tidzazimitsa mzinda wonse, midzi yonse, ndi ndende yomwe. Kupatula nthambo yakuphiri."

"Chifukwa?"

"Kuli... chitukuko."

Nduna zina zinatsokomola, zina zinayang'ana kudenga. Enifa anawerama n'kunong'oneza a Kadzikweza m'khutu, mokweza pang'ono kuti onse amve: "Mwaona? Ndi zomwe amanena amumsika zija."

"A Chizimezime!" Nduna inamenya tebulo. "Saluni ingathe kudikira. Tandiuzani pamaso pa Mfumu: pamwamba pa phiri lija pali chiyani chofuna magetsi?"

 Mkulu wa apolisi anasendeza mpando wake pafupi n'kuyamba kusisita unyolo. A Chizimezime anatuluka thukuta mpaka m'makutu. Choonadi chinali pakamwa, koma kuseri kwake kunali Khalanikaye.

"Pali ba... pali ba..."

"Ba chiyani?" anafunsa mkulu wa apolisi mokoma mtima.

"Bata. Pali bata, akulu anzanga. Bata lokhalokha."

"Bata limadya magetsi?" anafunsa a Kadzikweza.

"Ayi."

"Ndiye mudzazimitse."

Enifa anaweramanso. "Amati kulinso jenereta kumeneko, yongokhala."

"Nyenyezi imafuna jenereta, a Chizimezime?"

A Chizimezime anayang'ananso unyolo uja. "Nyenyezi... ayi."

"Itsike. Idzaziziritse zakumwa."

Nduna zinaomba m'manja, Mfumu inadzuka n'kunena kuti likhale lamulo, ndipo Enifa anaomba nawo, koyamba m'moyo wake mochokera pansi pa mtima.

Madzulo oti mawa ukwati, awiriwo anakumana kuseri kwa msika, pamalo pomwe anapondana paja. Mzinda unali bii, ndipo kumwamba kunali kutadzaza ngati lichero la mpunga.

"Boma lathu tisamalinyoze," anatero Enifa. "Ndi liti lina limene limazimitsa dziko lonse kuti anthu ake aone nyenyezi?"

Lufeyo sanaseke. Anamuonetsa nkhata, yosokedwa bwino kuposa suti yeniyeniyo. Tsopano anali atamvetsa ntchito yake, ndipo kumvetsako n'kumene kunkamuopsa.

"Nanga a Chizimezime akakachita chinyengo? Nanga chija chikakapanda kuzima?"

"Ndiye mawa ngati pano ndidzakhala Mayi Kadzikweza achinayi, inu muzidzandisokera madiresi."

"Musatero, Enifa."

 Enifa analoza Akamwini Atsatana ndi chibwano. "Lero ndikuvomereza. Mwina akupitadi kwa apongozi."

"Ayi," anatero Lufeyo. "Akuthawa. Musandisiyire mkangano pakati."

Tsiku la ukwati mzinda wonse unakhamukira ku Tinayesetsa, ena kudzaona mkwatibwi, ambiri chifukwa kwawo kunali kutazimitsidwa kale. Analiponso mabanja onse amene Unduna unamanga: namwali wopatsidwa kwa msuweni wa nduna wopanda mano, mphunzitsi wokwatitsidwa kwa mayi amene ankalimbirana naye malire a munda, onse atakhala motalikirana ngati odikira jakisoni. Lufeyo anaima kumbuyo kwa akwati, kathumba kali m'manja.

Dzuwa linalowa. Kuphiri kanthu kaja kanayaka, psuu, monga mwa masiku onse. Nyali za bwalo zinayatsidwa, koma zinkangoti phethiphethi ngati ziphaniphani zodwala malungo. Enifa anayang'ana kuphiri, n'kuyang'ana a Chizimezime amene ankayang'ana nsapato zawo, ndipo anazindikira. Mkuluyo anali ataisiya nthambo yakuphiri osaizimitsa, poganiza kuti a Kadzikweza ndi maso awo aja sasiyanitsa kuwala ndi chizirezire. Phazi lija linali likadafunda.

 Womangitsa maukwati a boma anali atayamba kale.

"Kodi iwe Enifa, ukuvomera kutenga Olemekezeka Dokotala awa, monga zalamulira nyenyezi?"

Anamuikira chinkuzamawu pakamwa. Bwalo lonse linamva kupuma kwake. Atacheuka anaona Lufeyo atatsinzina, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga mabatani.

"Ndikufunitsitsa kuvomera," anatero Enifa, mawu ake akumveka mpaka kugoli lakumwera, "koma mdima wachuluka. Sindikuwaona bwino. Ndingavomere a Chizimezime mwangozi, poti akuti eni ake a kuwala ndi iwowo."

Bwalo linaphulika ndi phwete, limene anthu analisandutsa chifuwa msangamsanga. A Kadzikweza analanda chinkuzamawu.

"Chizimezime! Imba foni pompano! Konse kuzime, magetsi onse abwere pano, apo ayi ukagona ku Khalanikaye ndi saluni yako yomwe!"

A Chizimezime anatulutsa foni n'kunenamo timawu tochepa ngati munthu wotsanzika maliro.

A Kadzikweza sanadikire. Anakonza suti, anatembenukira kuphiri, n'kutambasula dzanja, chala chili njo, kuloza Musandiloze pamaso pa dziko lonse. A Nasibeko anagwira pakamwa.

"Anthu a Ombanim'manja! Onani mboni yanga! Dzuwa lalowa, mwezi ukadali khanda, koma iyo ili pompo! Ndinanena, ndipo ndikubwereza: nyenyezi yanga ine sidzaphe..."

Nyali zonse za bwalo zinati ngwee! Mafiriji anabuula, mitengo inang'anima, suti inawala mpaka ulusi uliwonse wa Lufeyo kuoneka. Ndipo kuphiri kunati bii.

Kunagwa bata, lenilenilo tsopano. Chala chinatsala m'malere chikuloza mdima. A Kadzikweza anatikita maso ndi dzanja linalo, anaitanitsa paipi yawo, anasuzumiramo, koma mdima wam'paipi unali womwewo. A Chizimezime anakanikiza foni kuti abweze mawu awo, koma netiweki nayo inali itapita limodzi ndi nyenyezi.

Batalo n'limene linadzutsa Mfumu, poti sinazolowere kugona popanda woomba m'manja.

"Yaphethira?" inafunsa.

"Kuphethira ayi, Mfumu," anayankha a Nasibeko ali cham'mbuyo. "Yatengera eni dzina. Yagona."

"Lamulo ndi lamulo," inatero Mfumu, ikuyasamula.

M'mabenchi, mabanja a Unduna anayamba kuimirira, aliyense akusuzumira kumene kunakhala wake weniweni. Enifa anavula chophimba kumutu n'kutambasula dzanja chakumbuyo, ndipo Lufeyo anamupatsira kathumba kaja. Kenako, poti anali mwana woleredwa bwino, anagwada pamaso pa Nduna n'kupereka ndi manja awiri nkhata yofanana ndi suti.

"Olemekezeka, nsapatozi zidendene zake n'zolimba, zingakupwetekeni paliwombo. Ndiyambe kumasula yakumanja, kapena yakumanzere?"